Ana a Tagbanua: sukulu ili tsidya, nyanja ili pakati

Kukacha pa zilumba za Calamian m'dziko la Philippines, mwana wa mtundu wa Tagbanua asanafune yunifolomu amayamba watuluka panja kukayang'ana nyanja. Madzi akakhala bata ndiye kuti sukulu iliko. Koma mafunde akamachita thovu, mphepo ikuwomba kuchokera kum'mwera chakumadzulo, makope amabwerera m'jumbo, jumboyo n'kupachikidwa kudenga. Tsiku limenelo lapita.

Aphunzitsi alemba m'kaundula kuti mwanayo wajomba. Nanga alembe chiyani? Komatu palibe kholo lingalole mwana wa zaka 8 kupalasa kabwato panyanja yolusa kaamba ka masamu. Inu amene mudakhalako m'mbali mwa nyanja nthawi ya mwera mukudziwa kuti madzi akakwiya sakambirana ndi munthu.

Philippines ndi dziko la zilumba zoposa 7,600 kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Chakumadzulo kwake kuli chigawo cha Palawan, chomwe chili ndi chilumba chimodzi chachitali ngati ndodo, cha makilomita oposa 400, komanso tizilumba tina toposa 1,700. Kumeneko ndiye kwawo kwa a Tagbanua, umodzi mwa mitundu yakalekale m'dzikolo. Dzina lawo akuti limatanthauza anthu a pamudzi, kapena tinene kuti eni dera.

A Tagbanua sakhala malo amodzi. Ena ali pakati pa chilumba chachikulu, cha ku Aborlan, Quezon ndi Puerto Princesa, ndipo moyo wawo ndi wa munda ndi nkhalango. Ena ali kumpoto, pa zilumba za Coron, Busuanga, Culion ndi Linapacan, ndipo munda wawo ndi nyanja. Ngakhale dzina ndi limodzi, zilankhulo zawo n'zosiyana moti wa ku Aborlan ndi wa ku Coron sangachezerane bwinobwino aliyense akulankhula chakwawo.

Lipoti la World Bank la m'chaka cha 2024 lidati anthu a mitundu ya eni nthaka m'dziko lonse la Philippines alipo pafupifupi 9.4 miliyoni. A Tagbanua ndi kachigawo kochepa chabe mwa anthu amenewa, ndipo ambiri a iwo amakhala m'timidzi tomwe galimoto silifika.

Madzi ponseponse, akumwa palibe

Nyumba ya m'midzi imeneyi imakhala ya nsungwi, yomangidwa m'mwamba pa mizati, denga lake la masamba a mtundu wina wa kanjedza. Ntchito yoyamba ya mwana ndi yomwe ana ambiri akumudzi amaidziwa: kutunga madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu nthawi zina amakatunga pabwato.

Chilumba cha Coron ndi thanthwe la miyala ya laimu, lakuthwa ngati mano a sowo. Mvula ikagwa madzi amalowa m'ming'alu n'kusowa. Zitsime zokumbidwa pafupi ndi gombe zimatulutsa madzi a mchere pang'ono, makamaka m'chilimwe. Choncho mabanja amakhongozela madzi a mvula m'migolo, ndipo akatha, ana amalongedza zigubu m'bwato kupita komwe kuli kasupe kapena kukagula kutauni. Banja lozunguliridwa ndi madzi mbali zonse limachita kuyeza madzi ophikira ndi kapu.

Nyanja yamchere ili ndi khalidwe lomwe nyanja zopanda mchere zilibe. Tsiku lililonse imaphwa, n'kusiya mchenga ndi miyala poyera, kenako n'kudzadzanso. Ikaphwa ndi nthawi ya amayi ndi ana. Amayenda ndi timadengu kutola nkhono, nkhanu ndi tinsomba totsalira m'zithaphwi. Ndiwo za tsikulo nthawi zambiri zimachokera pamenepa. Mwana wa zaka 6 amadziwa kale nkhono yodyedwa ndi yoluma, komanso mwala womwe pansi pake pamabisala nsomba ya minga ya ululu.

Anyamata akasinkhukirako amayamba kumira pansi pa madzi ndi mkondo wa waya. Magalasi otchingira maso ambiri amasema okha pamtengo, ndipo kuphazi amamangako kathabwa kuti azisambira mwaliwiro. Amasaka nsomba, nyama ya miyendo 8 ija yotchedwa octopus, komanso tizilombo tina tooneka ngati nkhaka tomwe amatiwiritsa, kutiyanika n'kugulitsa kwa amalonda. Mabanja ena amalima ndere za m'nyanja pa zingwe, ndipo ntchito yomangirira mbewuyo pachingwe, yomwe imatenga tsiku lonse munthu ali chikhalire, imagwera amayi ndi ana.

Mpunga ndi chakudya chomwe aliyense amachifuna, koma pa zilumba za miyala umachita kugulidwa. Ndalama ikasowa, kapena mphepo ikatseka njira ya kutauni, banja limabwerera ku chakudya cha makolo chotchedwa kurut. Ichi ndi chilazi cha kutchire, chofanana ndi mpama, ndipo chili ndi poizoni. Amachisenda, kuchidula tizidutswa topyapyala, kuchiviika m'madzi a m'nyanja kwa masiku angapo, kuchitsukuluza ndi kuchiyanika. Mukafulumira kudya, mutu umazungulira ndipo mumasanza. Amene amaviika chinangwa chowawa cha kondowole akumvetsa bwino nkhaniyi. Mtsikana amaphunzira luso limeneli ali pambali pa mayi ake, ndipo palibe mayeso ena oposa akuti banja ladya osadwala.

Pali malo ena m'nyanja omwe mwana amauzidwa ali wamng'ono kuti asadzayerekeze kuponyako mbedza. Amawatchula kuti panyaan, ndipo akuluakulu amati mumakhala mizimu. Wodutsa pafupi amayenera kukhala chete. Akatswiri a za nsomba atabwera ndi mabuku awo adapeza kuti malo oterewa amathandiza ngati nkhokwe momwe nsomba zimaswana popanda wozisokoneza.

Vuto n'lakuti obwera sadaope mizimuyo. Kwa zaka zambiri asodzi ochokera m'zigawo zina akhala akupha nsomba ndi mabomba komanso poizoni wa cyanide, yemwe amaledzeretsa nsomba monga achitira katupe, kuti azigwire zamoyo n'kukazigulitsa kumalesitilanti a ku Hong Kong. Lamulo la za usodzi la m'chaka cha 1998 limaletsa zonsezi, koma matanthwe a pansi pa nyanja omwe nsomba zimaswanamo akaphwanyika amatenga zaka zambirimbiri kuti abwerere. Nsomba zikathawira kutali, bambo amafunika bwato la injini ndi petulo. Wopanda zimenezi amatenga mwana wake wamwamuna kuti azimuthandiza kupalasa.

Chuma cha m'malovu a mbalame

Ngati pali chinthu chomwe chimalamulira kalendala ya banja la pa chilumba cha Coron, ndi kambalame kakang'ono konga namzeze kotchedwa balinsasayaw. Kambalameka kamamanga chisa chake ndi malovu okhaokha, m'mapanga a mdima a m'matanthwe aataliwo. Malovuwo akauma amakhala ngati kambale koyera kokwana m'dzanja la mwana.

Zisa zimenezi ndi chakudya chamtengo wapatali kwa Matchaina, omwe amaphikira msuzi womwe amakhulupirira kuti umapatsa thanzi. Malondawa adayamba zaka mazana angapo zapitazo. Tauni ina ya ku Palawan yomwe lero imadzadza ndi alendo, El Nido, dzina lake ndi mawu a Chisipanishi otanthauza chisa. Zisazi sazigulitsa pa mulu kapena pa kilogalamu ngati usipa. Amaziyeza pa magalamu, pa kasikelo konga ka ogula golide.

Phanga lililonse lili ndi mwini wake. Ndi chuma cha banja, chosiyirana kuchokera kwa agogo, ndipo njira yopita kuphangako sauza munthu wamba. Nyengo yokolola imagwa m'miyezi yoyambirira ya chaka, kunja kuli kouma. Nthawiyo ikakwana mabanja ena amasamuka pamudzi n'kukamanga zisakasa pafupi ndi mapanga awo, chifukwa phanga losalondera akuba amalikolola usiku.

Kukwerako si masewera. Munthu amakwera thanthwe lakuthwa wopanda nsapato kapena atavala patapata, n'kutsikira m'dzenje la mdima pa chingwe kapena pa nsungwi, tochi ili pamphumi. Akaterereka palibe chomugwira. Ming'alu ina ndi yopapatiza moti thupi la munthu wamkulu silingalowe, ndipo apa m'pamene mnyamata wowonda amaoneka wofunika. Bambo amene amaphunzitsa mwana wake kukwera sachita izi chifukwa cha nkhanza. Akumupatsa chuma chokhacho chomwe ali nacho, monga mlimi apatsira mwana wake khasu ndi ndime. Koma khasu silipha munthu likapulumuka m'manja.

Zisa zikafika pansi, amayi ndi ana amakhala pamthunzi kuchotsa nthenga ndi zinyalala, kamodzikamodzi, chifukwa chisa choyera ndiye chili ndi mtengo. Mwambo umati kukolola kuzilekeka pa nthawi yake kuti mbalame ziikire mazira ndi kulera ana. Banja la dyera limapeza phanga lopanda kanthu zaka zotsatira.

Tsono taonani pomwe pagona nkhani. Miyezi ya zisayi ndi yomwe chaka cha sukulu chimakhala chikupita kumapeto, nthawi ya mayeso. Mwana asankhe chiyani: desiki, kapena ntchito yomwe igulire banja mpunga wa miyezi ingapo, kuphatikizapo makope ake omwe?

Kwa a Tagbanua a pa chilumba chachikulu nkhani ndi yomweyo, kungoti phanga lasanduka phiri. Iwo amatema ndi kutentha tchire n'kudzala mpunga wa kumtunda. Mpungawo ukayamba kucha, ana amakhala kumunda kuingitsa mbalame, anyani ndi nguluwe. Ndalama amazipeza pofula uchi, podula rattan, chomera choyanga chomwe amalukira mipando, komanso pokolola utomoni wa mtengo wa almaciga, womwe umapita kumafakitale a vanishi ndi penti. Mitengoyi ili m'mapiri, ulendo wa tsiku lathunthu kapena kuposa, ndipo utomoniwo umatsika pamsana pa munthu. Ambiri amanyamuka atakongola kale mpunga ndi shuga kwa wogula yemweyo, choncho akamafika naye katundu amakhala atadya kale ndalama yake. M'zaka za m'ma 1990 akuluakulu a mzinda wa Puerto Princesa adaletsa kutentha tchire pofuna kuteteza nkhalango, ndipo mabanja omwe ankadalira mpunga wa kumtunda adakakamizika kudalira kwambiri utomoni ndi rattan.

Chilankhulo cha aphunzitsi

Maphunziro a m'sukulu za boma ku Philippines ndi aulere. Mwana amayamba ndi kalasi ya mkaka, kenako Giredi 1 mpaka 6 kupulaimale, ndi Giredi 7 mpaka 12 kusekondale. Papepala zonse zili bwino. Koma sukulu imamangidwa pomwe pali anthu ambiri, pamene a Tagbanua amakhala motalikirana, nyumba khumi pagombe ili, zisanu pagombe linalo. Mwana amayenda wapansi kudutsa phiri ndi mitsinje, kapena kupalasa. Sukulu zing'onozing'ono za kumidzi zimakhala ndi mphunzitsi mmodzi wosamalira makalasi awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi.

Akafika m'kalasimo amakumana ndi khoma lina. Aphunzitsi ambiri ndi ochokera kwina ndipo amalankhula Chifilipino ndi Chingerezi. Mwana yemwe amatha kutchula mayina a nsomba makumimakumi ndi mphepo zonse za chaka amangoti kukamwa yasa, kulephera kuyankha funso lophweka chifukwa sadalimve. Anzake a mitundu yobwera, omwe makolo awo adasamukira ku Palawan kuchokera ku zilumba zina ndipo tsopano ndiwo ochuluka, amamuseka kalankhulidwe, khungu lakuda ndi dzuwa, ndi malaya ong'ambika. Ana ena amasiya sukulu chifukwa cha manyazi okhawo, njala isanawagwetse n'komwe. Ena amapirira koma amayamba kubisa mtundu wawo, osafunanso kulankhula chakwawo pagulu.

Boma lidayesapo kukonza zinthu. M'chaka cha 2011 unduna wa zamaphunziro udakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro a ana a mitundu ya eni nthaka, yolola kuti nzeru za makolo zilowe m'kalasi ndi kuti akuluakulu a m'mudzi azithandiza kuphunzitsa. Kuyambira mu 2012 ana a makalasi oyambirira adayamba kuphunzira m'zilankhulo za makolo awo. Koma pa zilankhulo 19 zomwe unduna udasankha kuti zikhale ndi mabuku, cha a Tagbanua padalibe. Komwe ana adaphunzirako m'chilankhulo chawo kudali kaamba ka khama la aphunzitsi ena, mipingo ndi mabungwe omwe si aboma. Kenako mu 2024 kudabwera lamulo lina lomwe lidachotsa chikakamizo chophunzitsa m'chilankhulo cha makolo, n'kubwezeretsa Chifilipino ndi Chingerezi ngati zilankhulo zophunzitsira.

Womaliza Giredi 6 amakumana ndi phiri lalikulu koposa. M'madera ambiri sekondale ili kutauni kapena pamudzi waukulu wakutali. Mwachitsanzo, tauni ya Coron, ngakhale ili ndi dzina limenelo, ili pa chilumba cha Busuanga, tsidya lina la madzi. Kuti mwana aphunzire kutali chotere pamafunika nyumba ya lendi, chakudya ndi ndalama ya bwato. Atsikana ena amakhala kwa eni masitolo, kugwira ntchito za pakhomo posinthana ndi malo ogona, ndipo amalowa m'kalasi atatopa kale. Ena sapita n'komwe. Mtsikana akakhala pakhomo osapita kusukulu, banja limabwera msanga. Dziko la Philippines lidakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa ana osakwana zaka 18 mu December 2021, ndipo lamuloli limakhudza mitundu yonse, koma lamulo lokha silimanga sekondale pachilumba.

Mliri wa Covid-19 udangowonjezera mchere pachilonda. Sukulu za m'dzikolo zidatsekedwa mu March 2020 ndipo ana ambiri sadabwerere m'kalasi mpaka mu 2022, kutseka komwe kudali m'gulu la kotalika kwambiri padziko lonse. Ana a m'tauni ankaphunzira pa intaneti. A kumidzi ankalandira mapepala osindikizidwa oti azikayankha kunyumba mothandizidwa ndi makolo. Nanga kholo lomwe silidapiteko kusukulu, m'nyumba yopanda magetsi, likadathandiza bwanji?

Mwana wopanda chikalata

Kalembera wa mu 2020 adaonetsa kuti anthu pafupifupi 3.7 miliyoni a m'dziko la Philippines adalibe chikalata cha kubadwa, ndipo vutoli ndi lalikulu pakati pa mitundu ya eni nthaka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana wa pachilumba amabadwira pakhomo, m'manja mwa azamba, pakuti chipatala chili kutali ndipo matenda a amayi sadikira kuti nyanja ichite bata. Kukamulembetsa kumafuna ulendo wa kutauni, womwe mtengo wake ndi chakudya cha masiku angapo. M'madera ena a dzikolo makhonsolo adaika malamulo oletsa kuberekera pakhomo, ndi chindapusa chomwe, ndipo izi zimachititsa makolo ena kuopa kukaonekera kuofesi.

Chikalatacho chimadzafunika pambuyo pake: pomaliza sukulu, pofunsira ntchito, polembetsa thandizo la boma. Dzikolo lili ndi ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja ovutika yotchedwa 4Ps, yofananako ndi Mtukula Pakhomo, yomwe idakhazikitsidwa ngati lamulo mu 2019. Koma iyi ili ndi zoyenera kutsata. Mwana azipezeka m'kalasi masiku osachepera 85 pa 100 alionse, ndipo ang'onoang'ono azipita kusikelo. Boma lidakonza njira ina yofewerako ya mabanja a kumadera ovuta kufikako, komabe n'zodabwitsa kuti banja lomwe mphepo imalitsekera njira ya kusukulu ndi lomwenso lili pachiopsezo chodulidwa ndalama chifukwa mwana wajomba.

Matenda omwe amavutitsa ana kumeneko ndi odziwika: kutsekula m'mimba kaamba ka madzi, chifuwa, njoka za m'mimba, zilonda za pakhungu ndi kupinimbira. Palawan ndiyenso chigawo chomwe chatsala ndi malungo ochuluka m'dziko lonselo, makamaka m'midzi ya kumapiri a kum'mwera. Kuyambira mu 1999 chigawochi chidayamba kuphunzitsa anthu a m'midzi momwemo kuyeza magazi ndi makina oonera tizilombo, kuti wodwala asamayende mtunda wautali, ndipo imfa za malungo zidatsika kwambiri. Ndi chitsanzo cha zomwe zimachitika thandizo likamutsatira munthu kwawo.

Mbidzi zidalanda mudzi

Kuti timvetse chifukwa chomwe makolo a Tagbanua amaika nkhani ya malo patsogolo pa china chilichonse, tibwerere m'chaka cha 1976. Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Ferdinand Marcos, adalamula kuti chilumba cha Calauit, kumpoto kwa Busuanga, chikhale malo osungirako nyama zakutchire. Chaka chotsatira sitima ya pamadzi idafika ndi nyama 104 zochokera ku Kenya: akadyansonga, mbidzi, nswala, ntchefu, mbawala ndi zina. Kuti nyama za ku Africa zipeze podya, mabanja oposa 250, ambiri a iwo a Tagbanua, adasamutsidwa kupita ku Culion, dera lomwe kuyambira mu 1906 linkadziwika ngati kotayirako odwala khate. Malo omwe adapatsidwa adali a miyala, osabereka.

Ana omwe adakulira kumeneko adakula ndi njala komanso nkhani za mudzi womwe sadauone. Marcos atagwa mu 1986, anthuwo adayamba kubwerera kwawo mokakamira, akuthamangitsidwa n'kubwereranso, mpaka mu 2010 pomwe boma lidawapatsa chikalata cha umwini wa malo a makolo awo. Akadyansonga ndi mbidzi zilipobe ku Calauit, ndipo alendo amalipira kuti akazione.

A pa chilumba cha Coron nawo adali ndi nkhondo yawo. M'zaka za m'ma 1970 khonsolo idayamba kugulitsa pa okushoni ufulu wokolola m'mapanga a zisa aja, eni ake n'kusanduka aganyu m'mapanga a agogo awo. Mu 1985 anthu a m'midzi ya Banuang Daan ndi Cabugao adakhazikitsa bungwe la Tagbanua Foundation of Coron Island. Adayenda m'maofesi, adajambula mapu oonetsa mapanga, manda, malo osodza ndi malo a mizimu. Mu 1997 dzikolo lidakhazikitsa lamulo la ufulu wa mitundu ya eni nthaka, ndipo mu 1998 a Tagbanua a ku Coron adalandira chikalata chovomereza kuti mahekitala oposa 22,000 a mtunda ndi nyanja ndi awo. Kadali koyamba m'dzikolo kuti boma livomereze kuti nyanja nayo ingakhale malo a makolo. Mu 2004 chikalatacho chidasanduka cha umwini weniweni.

Chidali chipambano chachikulu, ndipo phindu lake likuoneka. Pachilumbapo pali nyanja zing'onozing'ono za madzi oyera ngati galasi. Eni ake adatsegulira alendo ziwiri, Kayangan ndi Barracuda, zinazo n'kuzisiya zotseka chifukwa ndi zopatulika. Mlendo aliyense amalipira pakhomo, ndipo alendo ndi ambiri, ena obwera kudzamira pansi pa nyanja kuti aone sitima za nkhondo za ku Japan zomwe zidamizidwa mu September 1944. Ndalama za pakhomozo zathandiza ana ena kufika kusekondale ndi kukoleji, ndipo achinyamata apeza ntchito zoyendetsa maboti ndi kulondera magombe. Mu 2017 kampani ya Nickelodeon idasiya maganizo ake omanga malo a zisangalalo m'nyanja ya ku Coron anthu atakana kwamtuwagalu.

Koma ndalama ikalowa pamudzi mikangano siichedwa, ndipo nkhani za kagawidwe kake zakhala zikugawanitsa atsogoleri. Chinanso, Kayangan ndi imodzi. A Tagbanua a pa tizilumba tina alibe malo otchuka oti alendo alipire. Ambiri akudikirabe zikalata za malo awo, kwinaku magombe akugulidwa ndi eni mahotela ndipo mbali zina za nyanja zatchingidwa ndi makampani oweta ngale. Mwana wa kumeneko amaona maboti a alendo akudutsa tsiku lililonse, odzadza ndi mabotolo a madzi ozizira, iye akupalasa ndi zigubu zake.

Namondwe akadutsa

Usiku wa pa 8 November 2013 namondwe wa Haiyan, yemwe eni dziko amamutchula Yolanda, adawomba Busuanga atasakaza kale zigawo za kum'mawa. M'dziko lonse adapha anthu oposa 6,000. Ku Calamian imfa zidali zochepa poyerekeza ndi ku Tacloban, koma nyumba za nsungwi zidauluka, minda ya ndere idakokoloka, mitengo ya mbibu idagwa, ndipo mabwato adaphwanyika. Kwa banja la pachilumba bwato ndi khasu, ndi njinga, ndi ambulansi, ndiponso ndi njira ya kusukulu. Mu December 2021 namondwe wina, Rai kapena kuti Odette, adachitanso chimodzimodzi kumpoto ndi pakati pa chilumba chachikulu cha Palawan. Zikatere thandizo limayamba kufika kutauni komwe kuli doko ndi bwalo la ndege, ndipo timidzi takutali timalandira pomaliza. Mwana amene wasiya sukulu kuti athandize bambo ake kukhoma bwato latsopano kawirikawiri sabwereranso.

Pali chinthu china chomwe ambiri sadziwa za anthu omwe amanyozedwa kuti ndi osaphunzirawa. A Tagbanua adali ndi zilembo zawozawo Asipanishi asanafike m'dzikolo m'zaka za m'ma 1500. Ankalemba ndi nsonga ya mpeni pa nsungwi, chilembo chilichonse chikuimira phatikizo lathunthu monga ba, ka kapena ma. Mitundu yambiri ya ku Philippines idataya zilembo zotere atsamunda atabwera, koma a Tagbanua ndi mitundu ina itatu, Hanunuo, Buhid ndi Pala'wan, adazisunga. Mu 1999 bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse choyenera kukumbukiridwa, ndipo kuyambira mu 2002 zilembozi zili m'ndandanda wa zilembo zomwe makompyuta amatha kulemba. Lero odziwa kuzilemba ndi ochepa kwambiri, ndipo aphunzitsi ndi akuluakulu ena a ku Palawan akuyesetsa kuziphunzitsanso kwa ana.

Zokonza zina sizifuna ndalama zambiri. Ndondomeko ya maphunziro a ana a eni nthaka imalola sukulu kusintha kaphunzitsidwe kuti kagwirizane ndi moyo wa dera. M'madera ena a dzikolo anthu akufuna kwabwino adagula timabwato topakidwa utoto wachikasu tonyamula ana a sukulu, ndipo kwina adamanga nyumba zogona ana pafupi ndi sekondale. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi mwana wa pamudzi pomwepo akaphunzira n'kubwerera ngati mphunzitsi, chifukwa iye safunika womasulira, sathawa nyengo ya mphepo, ndipo amadziwa chifukwa chomwe desiki ya mnyamata uja ili yopanda munthu mu February.

Kalendala ya sukulu imakonzedwa ku likulu la dzikolo ndipo ndi imodzi kwa ana onse, a mumzinda wa Manila ndi a pagombe la Linapacan. Nthawi ya Covid-19 idasunthidwa, sukulu n'kumatsegulidwa cha mu August, koma kutentha kwa mu April ndi May kudavutitsa ana m'makalasi ndipo boma lidaibweza pa nthawi yake yakale. Chaka cha sukulu cha 2025 chidayamba pa 16 June. Mphepo ya kum'mwera chakumadzulo, yomwe eni ake amaitchula habagat, imayamba kuwomba cha kumapeto kwa May kapena kumayambiriro kwa June, ndipo siileka mpaka cha mu September.